Zilonda zapamilomo zija ndi herpes, ine ndinadziwa mochedwa

Ulendo woyamba zinayamba ngati chimfine basi, kukhosi kuwawa, kuphwanya m'thupi, thupi kutentha, nde ndinangomwa paracetamol n'kugona poganiza kuti mawa ndidzuka bwino. Kudzuka mawa lakelo usinini wonse watupa, wofiira kuti psuu, kungoikapo mswachi magazi. Pansi pa chibwano panatuluka mwanabere wowawa mbali zonse ziwiri. Kenako timatuza ting'onoting'ono tinayamba kutuluka motsatizana, mkamwa, palilime, pamilomo, ndipo tikaphulika timasiya tizilonda toyera pakati tofiira m'mphepete. Kudya kunakanika. Olo madzi enieniwa pomeza ndimachita kutsinzina. Malovu amangodzadza mkamwa chifukwa ndimaopa kumeza, fungo la mkamwa ndimalimva ndekha, moti munthu akabwera kudzandizonda ndimalankhula nditayang'ana kumbali.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 20 ndi zingapo, nditangoyamba kumene ntchito, ndiye zopempha tchuthi chodwala ndimaona ngati abwana aziti mtsikanayu ndi waulesi. Aliyense wondiona ankati amenewa ndi matonsilo, imwa ma antibiotic, ine n'kugula amoxicillin popanda kulemberedwa ndi dokotala. Ndinamwa mpaka kumaliza, palibe chinasintha, m'malo mwake ndinangoonjezerapo kutsegula m'mimba. Ma antibiotic amalimbana ndi mabakiteriya, pomwe zilondazi zimayamba ndi vayirasi, olo mumwe mapaketi angati siziphula kanthu, ndalama yanu yangopita.

Koma chomwe chinandichedwetsa kwambiri kupita kuchipatala anali mantha. Usiku tulo osabwera, ndili pa foni kufufuza pa Google, zithunzi zomwe ndimaona zonse zikundiloza ku HIV. Ndinali ndisanayezetsepo chiyambire chibwenzi chomwe ndinali nacho, ndiye mumtima ndimangoti ndikapita akandiuza zomwe sindikufuna kumva. Anandikoka ndi asisi anga, atabwera n'kupeza ndikulephera ndi kulankhula komwe, mikodzo yafiira chifukwa chosamwa madzi. Sanandifunse maganizo anga, anangoti vala tizipita.

Adokotala anandiunika mkamwa ndi katochi, n'kugwiragwira pakhosi, kenako anati achemwali, imeneyi ndi herpes. Mtima unangoti phwii. Ine mawu amenewo ndimawadziwa ngati matenda opatsirana pogonana basi, ndiye ndinayamba kulira asisi anga ali pomwepo, manyazi osaneneka. Adokotalawo anali odekha, anandisiya ndilire kaye kenako anafotokoza kuti tizilombo ta herpes simplex tilipo mitundu iwiri. HSV-1 ndi kamene nthawi zambiri kamabweretsa zilonda zapakamwa, HSV-2 ndi kamene nthawi zambiri kamagwira kumaliseche. Koyambako anthu ambiri amakatenga ali ana, popsopsonedwa ndi makolo kapena abale, kapena kudzera m'malovu, osati za kugonana ayi. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 3.8 biliyoni osakwana zaka 50 ali nako padziko lonse, kutanthauza anthu 64 mwa 100 aliwonse, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe chifukwa sanatulukepo chilonda. Anandiyezanso HIV poti zilondazo zinali zambiri, ndipo anandipeza ndilibe. Ndikanadziwa ndikanayezetsa tsiku loyamba lomwelo, chifukwa mantha aja anandidya kuposa zilondazo.

Anandipatsa mapilisi a aciclovir, mankhwala ochepetsa ululu ndi ochukuchira mkamwa, koma anandiuza mosabisa kuti ndabwera mochedwa, mapilisiwa amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku 3 oyambirira. Ulendo woyamba ndi umene umakhala woopsa chifukwa thupi silinakumanepo nako kachilomboko, ndipo kupola kumatha kutenga masabata 2 kapena 3. Inenso zinanditengera choncho, ndinaonda zovala kumakhwepa, ndipo tchuthi chomwe ndimachiopa chija ndinachitengabe, chachitalinso kuposa chomwe ndikanatenga ndikanapita msanga, masiku ena mpaka anandidula pa malipiro.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi pomwe ndinafunsa kuti ndikamaliza mankhwalawa ndiye kuti ndachira eti, iwo n'kupukusa mutu. Kachilomboka sikatuluka m'thupi. Zilonda zikapola kamayenda mumtsempha wa kumaso n'kukabisala pamalo ena mkati mwa mutu pafupi ndi khutu pomwe mitsempha ya kumaso imakumana, madokotala amati trigeminal ganglion, kamangokhala phee pamenepo, ndipo tsiku lina kakadzuka kamatsata njira yomweyo kubwerera pakhungu. N'chifukwa chake chilonda chimakonda kutuluka pamalo amodzimodzi. Ine panga ndi mlomo wam'mwamba chakumanzere, sichiphonya.

Ndiye panabwera nkhani ya ndani wandipatsira. Adokotala anali atanena kuti zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 2 ndi 12 kuchokera pomwe munthu watenga, ine ndinawerenga ndekha n'kupeza kuti palibenso wina koma chibwenzi changa. Ndinamuimbira foni ndili ndi ukali wosaneneka, ndinamunena zambiri, kuti ndi woyendayenda, wandibweretsera matenda, asadzandiimbirenso. Iye anangokhala chete kenako anati, iwe ukunena kachilonda kamene kamandituluka ndikadwala chimfine kaja? Kanayamba ndili ku pulayimale katere. Sindinamukhulupirire, mpaka mayi ake atanena okha tsiku lina kuti mwana ameneyu akangotentha thupi pakamwa pamatuluka kachilonda kuyambira ali wamng'ono. Iye samadziwa kuti kali ndi dzina, samadziwanso kuti n'kopatsirana. Komanso nthawi yomwe anandipatsirayo analibe chilonda chooneka, chifukwa kachilomboka nthawi zina kamapezeka m'malovu ndi pamilomo munthu ali bwinobwino, ngakhale kuti mpata waukulu wopatsirana ndi pomwe matuza alipo. Chibwenzicho chinatsala pang'ono kutha, tinakhala nthawi osalankhulana. Pano munthuyo ndi bambo a ana anga. Ngati nanunso mukuganiza zokayezetsa magazi kuti mupeze wolakwa, dziwani kuti magazi amangoonetsa kuti thupi lanu linakumanapo ndi kachilomboka, sanena kuti liti kapena kuchokera kwa ndani.

Patapita miyezi ingapo kanabweranso. Tsiku limenelo ndinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mawa lake pamlomo patupa, timatuza taunjikana pamodzi todzadza timadzi. Panalibe kutentha thupi kapena mwanabere ngati poyamba paja, kanali kachilonda kamodzi basi, kakanatha kokha pasanathe masiku 10. Koma ine ndinkafuna kachoke tsiku lomwelo. Ndinaboola ndi singano, n'kufinya, n'kuthira sipiriti, usiku n'kupaka mankhwala otsukira mano poti ndinamva kuti amaumitsa. Mnzanga wina kuntchito anandipatsa kirimu yemwe iye amapaka pa zidzolo, ndinapaka osawerenga n'komwe, kumene anali wa steroid. Kirimu wotereyu amafooketsa chitetezo cha pakhungu pomwe wapakidwa, ndiye ukamupaka yekha pa herpes umakhala ukukatsegulira njira kachilomboko. Chilonda chija chinakula mpaka kufika pansi pa mphuno, chinayamba kutulutsa mafinya, pamwamba nkhanambo yachikasu yonyowa, mabakiteriya anali atalowapo chifukwa cha kufinya ndi zala kuja. Apa ndiye ma antibiotic anafunikadi, olembedwa ndi dokotala, ndalama inanso. Chitapola panatsala banga lakuda lomwe linakhala miyezi, pa selfie iliyonse ndimachita kupendeketsa mutu.

Kuntchito inali nkhani ina. Munthu ukulankhula naye za lipoti, maso ake ali pamlomo pako, akayang'ana kumbali n'kubwereranso pomwepo. Wina anachita kufunsa pagulu kuti wakulumayo ndi ndani, anthu n'kuseka, inenso ndinaseka nawo koma ndinakalirira kutoileti. Ndinayesa kubisa ndi lipisitiki, zimangoipiraipira chifukwa amamatirira pankhanambo n'kuionetsa kwambiri, ndipo lipisitiki yemwe wakhudza chilonda ndi wotaya, sungapakenso kapena kubwereka mnzako. Ndinataya wodula yemwe ndimamukonda.

Zinthu zinasintha chifukwa cha funso limodzi lomwe anesi ena anandifunsa nditapita ndi chilonda china. Anati kodi chisanatuluke mumamva chani? Ndinati palibe, chimangotuluka. Anati ayi, ulendo wina mudzatchere bwino. Ndipo zoonadi, chilipo. Kutatsala maola angapo kapena tsiku lathunthu, pamalo paja pamayamba kunyerenyetsa ngati kanyerere kakuyenda mkati mwa khungu, nthawi zina kumakhala kuwotcha pang'ono kapena kuyabwa, ukagwira ndi lilime umamva kuti palimba pang'ono, koma kuyang'ana pagalasi palibe chooneka. Ine ndimangoti mwina milomo yauma. Nthawi imeneyoyo ndi yomwe kachilomboko kakuchulukana, ndipo ndi nthawi yomwe mankhwala amathandiza. Ukadikira kuti matuza aoneke, ntchito yambiri kamakhala katagwira kale, kotsala ndi kuphulika, kutuluka timadzi, kuuma nkhanambo, n'kupola, zonsezo masiku 7 mpaka 10, nthawi zina masabata 2.

Ndinayamba ndi kirimu wa aciclovir, amapakidwa kasanu patsiku, pafupifupi maola 4 aliwonse, kwa masiku 5. Ndinene zoona, kirimuyu si wodabwitsa ayi. Ukayamba msanga amachepetsako ululu ndi kufupikitsa nthawi pang'ono, mwina tsiku limodzi, ukayamba mochedwa ndiye olo osapaka n'chimodzimodzi. Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi mapilisi. Pali aciclovir wakumwa, pali valaciclovir yemwe pa zilonda zapamilomo amamwedwa kawiri kokha tsiku limodzi, motalikana maola 12, komanso famciclovir. Amenewa akulembereni ndi dokotala, chifukwa mlingo umasiyana, ndipo amene ali ndi vuto la impso kapena oyembekezera ayenera kunena asanapatsidwe, komanso pomwa pamafunika madzi ambiri. Ine ndinapempha adokotala kuti andilembere ndisanadwale kuti ndizikhala nawo m'chikwama, chifukwa kunyerenyetsa kuja sikusankha nthawi, kumatha kuyamba Loweruka usiku, ukamati upite kuchipatala Lolemba basi zatha kale. Maulendo ena ndikamwa nthawi yomweyo pamangotupa pang'ono n'kuphwa, matuza osatuluka n'komwe. Maulendo ena amatulukabe koma ang'ono. Valaciclovir ndi wodulirapo kuposa aciclovir, nde ndikakhala kuti m'thumba simuli bwino ndimamwa aciclovir yemweyo ngakhale amafuna kumwa kangapo patsiku.

Ndinayambanso kulemba mufoni tsiku lomwe chatuluka ndi zomwe zinachitika sabata imeneyo. Sipanatenge nthawi kuti ndione chomwe chimakadzutsa kachilomboka kwa ine, choyamba dzuwa, chachiwiri masiku oyandikira kusamba, ndipo ziwirizi zikakumana ndi kusagona mokwanira ndiye ndimadziwiratu. Matenda aliwonse otenthetsa thupi nawonso, chimfine kaya malungo. Ulendo wina chinatuluka nditachokera kochotsa dzino, chifukwa cha kukokedwa milomo kuja, kuyambira pamenepo ndimawauziratu adokotala a mano, ndipo ndikakhala ndi chilonda ndimasintha tsiku. Anthu ena ndi sitiresi, ena mphepo yozizira yosweka nayo milomo. Zanu zitha kusiyana ndi zanga, n'chifukwa chake kulembako kumathandiza. Za dzuwazi ndinazithetsa ndi mafuta opaka pamilomo oteteza kudzuwa a SPF 30, ndi chipewa, ndipo ndimapakanso ndikadya kapena kumwa chifukwa amachoka msanga. Poyamba ndimaona ngati khungu lakuda silifuna zimenezo, koma milomo ilibe nazo ntchito zimenezo.

China chomwe ndinaphunzira n'choti si chilonda chilichonse cha pakamwa chomwe ndi herpes. Tizilonda toyera tozungulira totuluka mkati mwa tsaya kapena mkati mwa mlomo, topanda matuza, towawa ukamadya zamchere, nthawi zambiri ndi tina, sitipatsirana ndipo aciclovir sagwirapo. Kung'ambika kwa m'mphepete mwa kamwa nakonso n'kwina. Mashingozi dzina lake lachipatala lilinso ndi mawu oti herpes, koma amabwera ndi kachilombo kena, komwe kamayambitsa katsabola. Ngati mukukayika, pitani matuza akadali ndi timadzi, chifukwa pamenepo adokotala amazindikira mosavuta ndipo komwe zipangizo zilipo amatha kutengako timadzito n'kukayeza. Ukapita nkhanambo itauma amangoganizira.

Tsopano nkhani yomwe ndimafunitsitsa ifike kwa aliyense ndi ya makanda. Mng'ono wanga atachira mwana wake woyamba, ine ndinali ndi chilonda chikutuluka timadzi. Ndinapitabe kukamuona koma ndinavala masiki, ndinasamba m'manja ndi sopo, ndipo atandipatsira mwana kuti ndimunyamule ndinakana. Azakhali athu anakhumudwa, anati iwe mayi ake aakulu ukukana mwana chifukwa cha kachilonda aka? Mng'ono wanganso nkhope inagwa. Ndinachita kuulula pamaso pa onse kuti ndi herpes, mawu omwe ndinali ndisanawatchulepo kwa abale kupatula asisi aja. Kwa ife akuluakulu ndi kachilonda chabe, koma kwa khanda la masabata oyambirira, makamaka mwezi woyamba, chitetezo chimakhala chisanakhwime, kachilomboka kamatha kufalikira mpaka ku ubongo, kuchiwindi ndi m'mapapo, mwana n'kumwalira kapena kulumala. Kumpsopsona kamodzi kokha n'kokwanira. Khanda likayamba kukana kuyamwa, kufooka, kugona mosadzutsika, kutentha thupi kapena kutuluka timatuza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo munene ngati wina wa chilonda analikhudza, chifukwa si makanda onse omwe amatuluka matuza. Panali chete wosasangalatsa tsiku limenelo, ndinachoka msanga. Koma mlamu wanga ndi amene pambuyo pake anayamba kuuza alendo onse kuti mwanayu musampsopsone pankhope. Nditabereka anga ndinachita chimodzimodzi, chilonda chikatuluka ndimavala masiki, kusamba m'manja pafupipafupi, kuyamwitsa ndimayamwitsa bwinobwino chifukwa sikadutsa mumkaka, pokhapokha ngati chilonda chili pabere.

Maso nawonso. Ndinazolowera kuti ndikakhudza chilonda, olo mwangozi, ndisambe m'manja ndisanagwire china chilichonse, ndipo kirimu ndimapaka ndi kathonje osati chala. Herpes ikalowa m'diso imatha kusiya chipsera pagalasi la diso munthu n'kusiya kuona bwino. Diso likafiira, kuwawa, kutuluka misozi, kuopa kuwala, pitani tsiku lomwelo, ndipo musathire mankhwala a m'maso omwe munasunga, ena amakhala ndi steroid yemwe uja. Ovala ma contact lens, timagalasi toika m'diso mwenimweni tija, samalani kwambiri. Kachilomboka kamathanso kulowa pachala chomwe chili ndi bala, chala n'kutupa matuza owawa. Anthu omwe ali ndi eczema (matenda oumitsa ndi kuyabwitsa khungu), omwe ali ndi HIV makamaka chitetezo chikatsika, omwe akulandira mankhwala a khansa, amenewa asamadikire kuti chipola chokha. Ndipo kwa wina aliyense, chilonda chikapitirira masabata 2 osapola, kapena chikumangokula, chikaonedwe.

Kunyumba tinagwirizana zophweka. Kuyambira pomwe ndamva kunyerenyetsa mpaka nkhanambo itagwa khungu n'kubwerera, palibe kupsopsonana, kapu yanga, supuni yanga, taulo langa lakumaso, ana sindiwalawitsa chakudya ndi supuni yomwe ndadyera. Za kuchipinda anthu sakonda kuzitchula koma ndizitchula, HSV-1 imatha kuchoka pakamwa kupita kumaliseche kwa mnzako pogonana mkamwa, ndiye masiku amenewo zimenezo ayi. Amene muli pa chibwenzi chatsopano, muuzeni mnzanuyo pasadakhale, mwachidule, kuti ine ndimatuluka zilonda zapamilomo nthawi zina, zikatuluka sitipsopsonana. Kunena zisanachitike n'kosavuta kusiyana ndi mkangano ngati womwe ife tinadutsamo, ndipo mudzadabwa kuti ambiri amayankha kuti aaa inenso zimandituluka.

Chilonda chikafika pa nkhanambo vuto limakhala kusweka, ukangoseka kapena kuyasamula yang'ambika, magazi, n'kuyambiranso kuuma. Ndimapaka vaselini pang'ono ndi kathonje kuti ifewe, chakudya ndimadula ting'onoting'ono kuti ndisatsegule kwambiri pakamwa, zamchere, zowawasa ndi zotsabola ndimazipewa masiku amenewo, ululu ukakula kansalu kozizira ndi paracetamol kapena ibuprofen zimakwana. Kuitong'ola nkhanambo kumakoma m'manja koma ndi komwe kumasiya banga lija.

Zaka zoyambirira zimandituluka pafupipafupi moti adokotala anandiuza kuti kwa anthu omwe zimawabwerera kambirimbiri pachaka pali njira yomwa aciclovir tsiku lililonse kwa miyezi ingapo kuti kachilomboko kasadzuke. Ndinamwa choncho nthawi yokonzekera ukwati wathu, poti sitiresi ndi kusagona zinali zambiri, ndipo sizinatuluke. Nditasiya zinabwereranso koma motalikirana, ndipo mmene zaka zikupita zikumka zichepa, chaka china chimatha ndi kamodzi kokha. Mapilisi a m'chikwama aja ndimawayang'ana deti, chifukwa ulendo wina ndinawafuna usiku n'kupeza anatha mphamvu kalekale.